Timatabwa Tomangira Topanda Utoto: Zimene Ndaona Patatha Chaka Chimodzi

Ndimalera ana asanu ndi mmodzi pakhomo panga makolo awo akapita kuntchito, ndipo pamene ndinkagula katundu amene ndikufuna kufotokoza pano, wamng'ono kwambiri anali ndi miyezi 14 pomwe wamkulu anali ndi zaka zinayi ndi theka. Katunduyo ndi bokosi la timatabwa tomangira 120, topanda utoto, ta mtundu umene amalonda amautchula kuti unit blocks. Tsopano chaka chathunthu chatha chigulireni, ndipo ndikuona kuti nthawi imeneyi ndi yokwanira kuti munthu anene zoona zake, chifukwa chidole chilichonse chimasangalatsa ana mlungu woyamba, koma ndi zochepa zimene amazifunabe miyezi itapitapo. Maganizo anga ndi akuti timatabwati ndi chinthu chaphindu kuposa zonse zimene ndinagulapo pa ntchito yangayi, koma phindulo silinaonekere mpaka pamene ine ndinasintha kachitidwe kanga, moti wolera ana amene sakufuna kusintha kalikonse pa mmene amakhalira ndi ana angachite bwino kusunga ndalama zake.

Chimene chimasiyanitsa timatabwati ndi tizidutswa tina tamitengo timene timagulitsidwa ngati zidole ndi muyeso wake. Kathabwa kamene kali maziko a tonse kamatalika pafupifupi masentimita 14, m'lifupi mwake ndi masentimita 7, ndipo kuchindikala kwake ndi masentimita atatu ndi theka, kutanthauza kuti utali wake ndi kawiri m'lifupi, ndipo m'lifupi ndi kawiri kuchindikala. Timatabwa tina tonse timachokera pa kameneka: pali katheka kake ka mbali zofanana, pali kotalika kawiri, kotalika kanayi, ta ngodya zitatu timene tiwiri tikaphatikizidwa timabweza kathabwa kathunthu, tobulungira ngati mizati, totsetsereka, ndi tokhota ngati uta. Amene anakonza muyeso umenewu ndi Caroline Pratt, mphunzitsi wa ku America amene anayamba wakhala akuphunzitsa zopalamatabwa, ndipo mu 1914 anayambitsa sukulu mumzinda wa New York imene pambuyo pake inadziwika kuti City and Country School. Iye sanali woyamba kupatsa ana timatabwa, pakuti Friedrich Froebel, amene anayamba ntchito yake ndi ana aang'ono ku Bad Blankenburg m'dziko la Germany mu 1837 n'kuipatsa dzina lakuti Kindergarten mu 1840, anali kale ndi timabokosi ta timatabwa tating'ono. Koma m'masukulu ambiri amene ankatsatira Froebel timatabwato tinkagwiritsidwa ntchito patebulo, mphunzitsi akulamula chochita sitepe ndi sitepe, ndipo Pratt sanagwirizane nazo zimenezi. Iye anafuna timatabwa tokulirapo, tomangira pansi, timene mwana angamangire chimene iye mwini waganiza.

Ndafotokoza mbiri imeneyi chifukwa ikuthandiza wogula kudziwa chimene ayenera kuyang'ana bokosi likafika. Ngati muyeso uli wolondola, mwana amene timatabwa tatitali tamuthera amatenga tiwiri tatifupi n'kupeza kuti khoma lake lalingana, ndipo amazindikira ndi manja ake zimene adzamve m'kalasi patapita zaka, zakuti matheka awiri amapanga chinthu chathunthu. Ngati muyeso waphonyeka ngakhale pang'ono, khomalo limapendekeka, denga silikhazikika, ndipo mwana amaganiza kuti walakwitsa ndi iyeyo pamene wolakwa ndi mmisiri. Tsiku limene bokosi langa linafika ndinatenga rula n'kuyeza, kenako ndinasanjikiza timatabwa khumi mbali imodzi ndi tina khumi mbali inayo kuti ndione ngati milu iwiriyo ilingane pamwamba. Inalingana, ndipo pamenepa wopangayo ndikumuyamikira. Komabe timatabwa titatu tinali tokhakhala m'mphepete moti tikanatha kubaya chala cha mwana, ndipo kamodzi mwa tokhota tija kanali kafupi mwendo umodzi kotero kuti sikankaima bwino. Tokhakhalato ndinatisalaza ndekha ndi pepala losalazira matabwa, koma kokhotako ndinakachotsa, ndipo wogulitsa sanandiyankhe nditamulembera. Pa katundu wokwera mtengo chonchi, woti agwiridwe ndi ana amene amaika chilichonse m'kamwa, zimenezi sizinayenere kuchitika.

Mtengo wake ndi wolimba ndi wolemera, ndipo kulemerako n'kofunika, chifukwa nsanja ya timatabwa tolemera imakhazikika pamene ya topepuka imagwa mwana akangoikhudza ndi chigongono. Patatha chaka, m'ngodya mwake muli timabala ta kugwa ndi ta mano a ana, koma palibe kamene kang'ambika.

Chinthu chimene ndikuchidandaula kwambiri si thabwa ayi, koma kapepala kamene kanabwera m'bokosimo. Kapepalako kanali ndi zithunzi za nyumba yachifumu, sitima yapamadzi ndi ndege, zonse zomangidwa mwaluso ndi munthu wamkulu, ndipo pansi pake panalembedwa kuti ana ayesere kumanga zofanana nazo. Mlungu woyamba ndinachita monga momwe kapepalako kanenera: ndinakhazika ana atatu okulirapo, ndinawaonetsa chithunzi cha sitima, ndipo ndinayamba kuwauza kathabwa koyamba kuika. Mnyamata wa zaka zitatu anapirira mphindi zochepa n'kuchoka. Mtsikana wa zaka zinayi anakhalabe, koma akaika kathabwa kalikonse ankatembenuka n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndakhoza?" Funso limenelo linandivutitsa usiku wonse, chifukwa mwana yemweyo akamasewera ndi mchenga panja safunsa munthu ngati wakhoza, ndipo ndinazindikira kuti ndi ine ndi kapepala kaja amene tinamuphunzitsa kuti pali yankho limodzi lolondola limene lili m'mutu mwa munthu wamkulu. Mawa lake ndinabisa kapepalako, ndipo sindinakatulutsenso. Ndikulangiza aliyense wogula kuti achite chimodzimodzi asanaonetse ana, chifukwa opanga katunduyu, poikamo zithunzi zoti ana azitengera, akubwezeretsa chinthu chenicheni chimene Pratt ankachikana.

Nditasiya kulamula, kwa masiku angapo zinkaoneka ngati palibe chimene chikuchitika, ndipo nthawi imeneyi ndi imene olera ana ambiri amataya mtima. Mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi itatu sankamanga kalikonse, koma ankangonyamula timatabwa kuchokera pa shelefu kupita pakona ya chipinda, n'kutibwezanso, nthawi zina n'kutilonga m'dengu ndi kutikhuthula. Poyamba ndinkaona ngati akungobalalitsa zinthu. Chinandikhazika mtima pansi ndi zimene analemba Harriet Johnson mu 1933, mphunzitsi wina wa ku New York amene kwa zaka zambiri ankaonetsetsa mmene ana amamangira. Iye anaona kuti ana amayamba ndi kunyamula chabe, kenako amasanjikiza timatabwa kapena kutindandalika mumzere, pambuyo pake amatulukira mlatho, amatulukira mpanda wotsekeka mbali zonse, amayamba kukongoletsa ndi kulinganiza mbali ziwiri, ndipo pomaliza amatchula dzina la chimene amanga ndi kuchigwiritsa ntchito m'masewera oyerekezera moyo wa akuluakulu. Choncho mwana wonyamula uja anali pa chiyambi chenicheni cha ulendowo, akuphunzira kulemera kwa kathabwa kalikonse, kuchuluka kwa timene manja ake angakwanitse, ndi mmene angayendere atanyamula chinthu chachitali osagunda chitseko. Ndikanamukakamiza kumanga nsanja, ndikanamulanda ntchito imene msinkhu wake unkafuna.

Nkhani ya mlatho ndiyenera kuifotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa ndi pamene ndinaona bwino chimene timatabwati tingachite, komanso pamene ndinaphunzira malire a ntchito yanga. Mnyamata wa zaka zitatu uja, amene anathawa sitima yapachithunzi, anafuna kuti kagalimoto kake kadutse pansi pa chinachake. Anaimika timatabwa tiwiri motalikirana kwambiri n'kuyesa kuika kachitatu pamwamba, koma kanagwera pakati. Anabwereza kangapo, akukankhira kathabwako pansi mwamphamvu ngati kuti mphamvu ndi imene ikusowa, ndipo kenako anasiya n'kupita kukachita zina. Tsiku lachiwiri anayambiranso, ndipo vuto linali lomwelo. Manja anga ankafunitsitsa kusendeza mzati umodzi, chinthu chimene chikanatenga kamphindi chabe, koma ndinadziletsa n'kukhala pansi pambali pake. Nditaona kuti wayamba kukwiya ndinangonena chimene maso anga ankaona, kuti kathabwa kapamwambako kakufika pa mzati uwu koma sikakufika pa winawo. Iye anayang'ana kwa nthawi, n'kupita ku shelefu kukatenga kathabwa kotalika kawiri, ndipo mlatho unaima. Njira imeneyi si imene ine ndinkaganiza, chifukwa ine ndinkaganiza zosendeza mizati. Patapita masiku awiri, timatabwa tatitali titatengedwa ndi anzake, anatulukira yekha njira yosendezayo, ndipo kuyambira pamenepo amayamba wayeza mpata ndi kathabwa kapamwamba asanaimike mzati wachiwiri.

Pamenepa pali chinthu chimene anthu ambiri amachimva molakwika akamva zoti maphunziro a ana aang'ono azitsatira mwana. Ena amaganiza kuti ndiye kuti wolera akhuthule zidole pansi n'kupita kukachita ntchito zake zina. Sizili choncho ayi. Lev Vygotsky, katswiri wa kakulidwe ka maganizo a ana wa ku Soviet Union amene anamwalira mu 1934, anafotokoza kuti pali mpata pakati pa zimene mwana angachite payekha ndi zimene angachite atathandizidwa ndi wina wodziwa kuposa iye, ndipo kuphunzira kwenikweni kumachitikira mumpata umenewo. Mnyamata uja ndikanamusiyiratu yekha mwina akanaleka zomanga milatho kwa miyezi, ndipo ndikanamumangira akanaphunzira kuti zinthu zikavuta amaitana wamkulu. Chimene chinkafunika ndi mawu ochepa onenedwa pa nthawi yake, ndipo nthawiyo munthu sangaidziwe ngati sanakhale pansi n'kumaonerera. Kunena zoona, kuonerera kotereku n'kotopetsa kuposa kulamula, makamaka pamene khanda likulira ndipo wina akufuna kupita kuchimbudzi, ndipo pali masiku amene sindikwanitsa.

Ndasinthanso mafunso amene ndimafunsa. Kale ndinkafunsa kuti, "Wamanga chiyani?" ndipo mwana amene sanamange chinthu chokhala ndi dzina ankasowa chonena kapena ankangotchula nyumba kuti andisangalatse. Tsopano ndimati, "Tandiuza za chimene wamangachi," kapena ndimatchula zimene ndaona, monga kuti waika tobulungira tinayi pansi ndi kamodzi pamwamba. Mwanjira imeneyi mawu monga pamwamba, pansi, pakati, kuseri, chachitali, chofanana ndi theka amalowa m'makutu mwa ana ali ndi chinthu m'manja chimene mawuwo akunena. Ndinasiyanso kuyamikira chilichonse kuti n'chokongola, chifukwa ndinaona kuti mtsikana wofunsa ngati wakhoza uja ankabwereza kumanga chinthu chomwecho chimene ndinachiyamikira dzulo lake, kuopa kuyesa china chimene mwina sindingachikonde.

Vuto lalikulu kwa ife olera ana pakhomo, limene wogulitsa salitchula n'komwe, ndi kusiyana kwa misinkhu. Kusukulu yamkaka ana amagawidwa m'zipinda molingana ndi zaka zawo, koma pakhomo khanda lokwawa ndi mwana wa zaka zinayi amakhala m'chipinda chimodzi, ndipo wamng'onoyo sadziwa chosangalatsa china choposa kugwetsa chimene wamkulu wamanga kwa theka la ola. Miyezi iwiri yoyamba kunali kulira pafupifupi tsiku lililonse. Kuletsa wamng'ono sikunathandize, chifukwa kugwetsa ndi njira yake yophunzirira kuti dzanja lake likachita chinthu pamakhala chotsatira, ndipo kuuza wamkulu kuti apirire poti mnzakeyo ndi mwana kunali kumulakwira, chifukwa ntchito yake ndi yofunika ulemu. Chimene chinathandiza ndi kusintha chipinda. Ndinasendeza shelefu yaifupi kuti itchinge kona imodzi, ndipo konayo inakhala ya omanga zikuluzikulu, pamene kunja kwake ndinaika dengu la timatabwa pafupifupi makumi awiri ta aang'ono, kumene ine ndimawamangira tinsanja toti agwetse mmene angafunire. Chinandikondweretsa n'chakuti patapita nthawi ana okulirapo anayamba okha kubwera kudzamangira ang'onowo nsanja zogwetsa, ndipo zimenezi chipinda cha ana amsinkhu umodzi sichingapereke.

Pa nkhani ya chitetezo pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi kutsamwa. Malamulo a zidole ku America ndi ku Ulaya amagwiritsa ntchito kachitini koyezera kotambalala mamilimita 31.7, ndipo chinthu chimene chikulowa chonse m'kachitinimo chimatengedwa kuti n'choopsa kwa mwana wosakwana zaka zitatu. Timatabwa tambiri ta m'bokosi langa ndi tatikulu kuposa pamenepo, koma munali tina tating'ono tokongoletsera timene ndinatikayikira, ndipo ndinatisunga pamwamba kuti tizitsitsidwa pokhapokha aang'ono akagona. Chachiwiri ndi kulemera komwe ndakuyamikira kuja, pakuti kathabwa ka masentimita 56 kakagwera pa chala chakuphazi kapena kakaponyedwa kamapweteka ndithu. Malamulo athu ndi ochepa ndipo ana amawadziwa pamtima: timatabwa sitiponya, nsanja isapitirire phewa la womanga ngati wamkulu sali pafupi, ndipo chomangidwa amachigwetsa ndi mwini wake yekha. Mwana akaponya kathabwa sindimukalipira, koma ndimamuuza kuti kathabwa ndi komangira, n'kumupatsa mpira wofewa ndi dengu loponyeramo, chifukwa kawirikawiri chimene akufuna ndi kuponyako osati kuvulaza mnzake.

Bokosi limene timatabwati tinabweramo ndi lolimba koma silithandiza pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Timatabwa tikaunjikidwa m'bokosi lakuya, mwana amene akufuna kamodzi ka pansi amakhuthula tonse, phokoso limadzaza nyumba, ndipo pansi pamasowa pomangira. Maria Montessori, amene anatsegula nyumba yake yoyamba ya ana mumzinda wa Rome mu 1907, ankalimbikira kuti zipangizo za ana zikhale pamalo ofikirika ndipo chilichonse chikhale ndi malo ake odziwika, ndipo pa timatabwati ndaona kuti mfundoyi ndi yoona. Ndinatisanja pa shelefu yotseguka, totalika ndi tolemera pansi, ndipo pamalo a mtundu uliwonse ndinamata pepala lodulidwa mofanana ndi kathabwako. Kuyambira pamenepo ana amaona zimene zilipo asanayambe kumanga, ndipo nthawi yolongedza yasanduka phunziro palokha, chifukwa kubwezera kathabwa pamalo pake n'kuyerekeza maonekedwe ndi kukula. Wogula awerengeretu kuti adzafunika shelefu ndi kapeti yopyapyala yosaterera, chifukwa pa simenti kapena pa matailosi phokoso la nsanja ikagwa limadzutsa khanda, pamene pa kapeti yochindikala nsanjayo siima n'komwe.

Timatabwati timafunanso nthawi yaitali yosadukizadukiza. Ndondomeko yanga yakale inali yogawa m'mawa m'zigawo za mphindi 15 kapena 20, ndipo ndinapeza kuti pa nthawi imeneyo ana amakhala atangotulutsa timatabwa ndi kuyamba kugwirizana chomanga. Tsopano ndimasiya pafupifupi ola lathunthu, ndipo ndimawachenjeza kukatsala mphindi zisanu. Chimene sindinathe kuchikonza bwinobwino ndi chakuti chipinda chimenechi madzulo chimakhala cha banja langa, kotero kuti zomanga zambiri ziyenera kuphwasulidwa ngakhale mwini wake akufuna kudzapitiriza mawa. Ndimalola chomangidwa chimodzi kugona pakona ija, ndipo zinazo ndimazijambula pa foni n'kumuonetsa mwana m'mawa mwake ngati akufuna kuyambiranso. Si njira yokwanira, ndipo wolera amene alibe kona yoti angaipatule aganizire bwino zimenezi asanagule.

Za kuchuluka kwake ndinanyengeka. Timatabwa 120 timamveka tambiri, ndipo pa bokosi panalembedwa kuti ndi tokwanira gulu la ana, koma ana atatu akafika pa msinkhu womanga mipanda ndi misewu timatha msanga, ndipo mikangano yambiri imene ndinkaiyesa ya khalidwe inali ya kuchepa kwa katundu. Choonjezera apo, gawo lalikulu la bokosilo ndi timatabwa tamaonekedwe okopa maso, monga tokhotakhota ndi tosongoka ngati denga, timene timakometsa chithunzi cha malonda koma ana satigwiritsa ntchito kawirikawiri. Timene timatha poyamba nthawi zonse ndi kathabwa kamaziko kaja, katheka kake, ndi kotalika kawiri. Ndikanakhala kuti ndikugula lero, ndikanafunsa mndandanda wa mitundu ya timatabwa ndi chiwerengero cha mtundu uliwonse, osati chiwerengero cha tonse pamodzi. Mpatawo ndaudzaza ndi zinthu zosagula, monga makatoni, tizidutswa ta nsalu ndi zivundikiro zikuluzikulu, kuphatikizapo tizidole tochepa ta anthu ndi nyama, ndipo ndaona kuti tizidoleto ndi timene tinachititsa ana kuyamba kumanga makola ndi zipinda zokhala ndi khomo.

Makolo nawo anafunika kuwafotokozera. Bambo wina anandifunsa mwaulemu chifukwa chimene mwana wake sabweranso ndi mapepala olembapo zilembo monga kale, ndipo funso lake linali loyenera, chifukwa pepala limaoneka pamene nsanja yogwetsedwa siisiya umboni. Kuyambira pamenepo ndimasunga kope limene ndimalembamo mizere iwiri kapena itatu ya mwana aliyense pa mlungu: tsiku, chimene anayesa, chimene ananena, ndi chimene chinamuvuta. Nditawaonetsa bambowo kuti mwana wawo anawerenga mizati isanu ndi umodzi n'kunena kuti mbali inayo ikusowa iwiri kuti zifanane, anamvetsa kuti masamu akuchitika. Mwana yemweyo pambuyo pake anandipempha kuti ndimulembere chikwangwani choletsa anthu kugwetsa chipatala chake, kenako anayamba kutengera zilembozo yekha, ndipo analimbikira kuposa mmene ankachitira pa mapepala aja chifukwa chikwangwanicho chinali ndi ntchito kwa iye. Kopelo landithandizanso ine, pakuti ndi mmene ndinazindikira kuti atsikana awiri ankalowa pakona yomangira pokhapokha anyamata akatulukamo. Nditayamba kukhala pansi pakonapo nthawi zambiri, ndi kuonetsetsa kuti timatabwa tatitali sitikutengedwa ndi mwana mmodzi, atsikanawo anayamba kumanga tsiku lililonse, ndipo chomangidwa chachikulu koposa chaka chino chinali chawo.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti bokosi limodzi lingakwaniritse zonse. Mwa ana anga asanu ndi mmodzi alipo mmodzi amene mpaka lero timatabwa satisamala kwenikweni, amakonda madzi, nyimbo ndi mabuku a zithunzi, ndipo kumutsatira iyeyo kukutanthauza kusamukakamiza kukonda chimene ine ndawonongerapo ndalama. Timatabwa sitilowa m'malo mwa kusewera panja, pakuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization m'malangizo ake a 2019 linati ana a chaka chimodzi mpaka zinayi azikhala ndi mphindi zosachepera 180 pa tsiku zoyendetsa thupi m'njira zosiyanasiyana, ndipo kumanga pansi, ngakhale kuli ndi kunyamula ndi kugwada, sikungakwanitse zonsezo. Sitilowanso m'malo mwa kunyamula khanda, kucheza nalo ndi kuliyankha likamalira.

Kasamalidwe kake n'kosavuta koma kali ndi lamulo limodzi lofunika: timatabwa topanda utoto sitiviikidwa m'madzi, chifukwa mtengo umafufuma, muyeso umasokonekera, ndipo ukauma ukhoza kung'ambika. Ndimatipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono ka sopo wochepa n'kutiyanika pamthunzi, ndipo timene talowa m'kamwa mwa khanda ndimatipatula nthawi yomweyo kuti titsukidwe tisanabwerere pa shelefu. Kamodzi pa mwezi ndimayendetsa chala m'mphepete mwa kalikonse kufufuza pokhakhala.

Kwa wolera ana pakhomo amene ali ndi ana a zaka ziwiri mpaka zisanu, amene angapatule kona ya chipinda ndi ola limodzi la m'mawa, ndiponso amene ali wokonzeka kukhala pansi n'kumaonerera osalamula, ndikuti agule, ndipo agule ta mtengo wolimba ta muyeso wolondola ngakhale atayamba ndi tochepa n'kumaonjezera pang'onopang'ono, popeza timatabwa ta muyeso umenewu timagwirizana ngakhale titagulidwa nthawi zosiyana. Kwa amene ana ake onse sanakwanitse zaka ziwiri, timatabwa makumi awiri kapena atatu tatikulu ndi tokwanira pakali pano, ndipo bokosi lonse lingadikire. Ine mwezi wamawa ndikuitanitsa tina makumi anayi, tamaziko ndi totalika kawiri tokhatokha, kwa wogulitsa wina amene wavomera kunditumizira kathabwa kamodzi kaye kuti ndikayeze ndi timene ndili nato kale.